Zinyalala za Lolemba

Tsiku limene Kadontho anamaliza kuwonkhetsa manambala anga, ndinavina mu ofesi. Sindikukokomeza ayi. Mayi wa zaka makumi anayi ndi chimodzi, madigiri atatu ali pakhoma, ndinavina mpaka nsapato imodzi inavuka n'kukalowa kunsi kwa kabati. Kadontho ndi katswiri wa masamu wa m'dipatimenti yathu. Dzinalo tinam'patsa chifukwa akhoza kugona ndi njala pofunafuna pamene kadontho kasochera pa nambala, ndipo kuseka amachita kubwereka. Koma tsiku limenelo mano onse anali panja.

"Zatsika ndi theka, achemwali," anatero akugogoda kompyuta ndi cholembera. "Ndabwereza katatu. Ndimafuna ndikupezeni cholakwa, koma ndalephera. Zinyalala zatsika ndi theka."

Ntchito yanga ndi yofufuza mmene anthu amagulira zinthu, mmene amazitayira, ndiponso chimene chingasinthe khalidwe lawo. Pa mapepala a ku yunivesite imalembedwa ndi mawu ataliatali oti munthu n'kudziluma nawo lilime. Kunena mosapsatira, ndimafukula m'mabini. Kwa zaka ziwiri, Lachiwiri lililonse m'mawa, ndinkayendera nyumba makumi anayi za m'misewu itatu yoyandikana, nditanyamula sikelo yopachika, magolovesi ofika m'zigongono ndi chipepala cha pulasitiki choyala pansi. Ndinkakhuthula bini, kusankhula mabotolo uku, mapepala uku, zotsala za chakudya uko, zovala ndi zipangizo padera, kenako kuyeza n'kulemba m'kabuku. Anthu a m'misewu imeneyo ankanditchula Dokotala wa Mabini, ndipo ine ndinkavomera mokweza.

Chaka choyamba ndinkangoyeza basi. Chaka chachiwiri ndinayamba kuchititsa misonkhano Loweruka m'holo ya sukulu ya pafupi, kuphunzitsa za kukonzetsa chinthu m'malo mochitaya, za kusagula chinthu chifukwa choti woyandikana naye wagula. Funso la kafukufuku wanga linali limodzi: kodi kuphunzitsa anthu kumachepetsadi zimene amataya? Tsopano yankho linali pa kompyuta ya Kadontho, mzere ukutsetsereka mokongola ngati msewu wolowera kumsika.

Ndipo yankholo linafika pa nthawi yake. Ndinali nditagwira ntchito zaka zisanu ndi chimodzi pa kontirakiti ya chaka chimodzi chimodzi. Chaka chikamatha ndinkadikira kalata yondiuza ngati ndibwerenso. Tsopano kunatuluka malo amodzi okhazikika, ndipo tinkawalimbirana anthu awiri, ine ndi mkulu wina wofufuza za madzi. Lachisanu la sabata yotsatira aliyense anayenera kufotokoza kafukufuku wake pamaso pa komiti ya anthu asanu. Ndinkawafuna malowo ndi mtima wanga wonse, sindibisa.

Pulofesa, mkulu wa dipatimenti yathu, ataona mzerewo anavula magalasi, kuwapukuta, kuvalanso.

"Dokotala, apa mwapha," anatero. "Anthu alemba mabuku akuti misonkhano siisintha munthu. Inu mwawatseka pakamwa. Koma komiti imatopa ndi manambala. Apatseni zithunzi, aone mabini opanda kanthu ndi maso awo."

Zithunzi ndinalibe zabwino, chifukwa Lachiwiri manja amakhala m'magolovesi ndipo foni sindiigwira. Ndiye ndinati ndipite Lolemba masana, ndikajambule mwaufulu. Pa zaka ziwiri zonsezo ndinali ndisanapondeko m'misewu imeneyo tsiku Lolemba. Ndinatsika basi ndikuimba kanyimbo, ndikupatsa moni ndi agalu omwe.

Woyamba kukumana naye anali mayi wa saluni, wa nyumba nambala seveni, amene bini lake linali lonyaditsa kuposa onse m'kabuku kanga. Anali akutuluka pageti atasenza thumba lakuda lalikulu, lina atalikolekera pamkono. Atandiona anaima ngati wapondedwa chala.

"Dokotala! Lero si Lolemba?"

"Ndi Lolemba, mayi. Ulendo wa kuti ndi katunduyu?"

"Aa, ndi zochapa izi."

Thumba la zochapalo linali kudontha madzi a tomato wowola. Ndisanayankhe, pa ngodya panatulukira bambo wa magetsi wa nambala twente-thuu akukankha wilibala yodzaza matumba, pamwamba pali fani yopanda chivundikiro. Kumbuyo kwake kunali agogo a nambala fote atakumbatira katoni. Onse ankalowera njira imodzi, kanjira kodutsa pakati pa mipanda kotulukira mumsewu wachinayi. Msewu umenewo sunali m'kafukufuku wanga, koma ndinkaudziwa bwino kuposa misewu yonse, chifukwa ndi kumene ndinakulira.

Kumeneko kumakhala azakhali anga, mlongo wawo wa malemu bambo anga, amene anandilera kuyambira ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ndi namwino wopuma pa ntchito, munthu woti akalankhula ngakhale dokotala ankayamba wakonza kolala. Nyumba yawo sindinaiike m'kafukufuku chifukwa malamulo salola kuyeza abale. Poyamba ntchito yangayi ankanyansidwa nayo. "Ndinakuphunzitsa mpaka kumapeto kwa sukulu kuti uzikagwira matewera a ana a eni?" ankatero. Koma chaka chachiwiri anasiya kunyoza, n'kumandifunsa mwachidwi kuti manambala akuyenda bwanji. Ine ndinkati Mulungu wawafewetsa mtima.

Ndinatsatira wilibala ija mpaka pageti lawo. Nditasuzumira kuseri kwa nyumba ndinangoti kakasi. M'mphepete mwa mpanda munali mulu wa matumba akuda wofika m'chiuno. Azakhali anali ataima pakati pa bwalo atavala epuloni yawo yakale ya kuchipatala, akuloza ndi ndodo ya tsache.

"Zonunkha kumpanda! Zouma patebulo! Iwe, ndanena kangati kuti mabotolo usaphatikize ndi..."

Anandiona. Ndodo ija inatsika pang'onopang'ono.

"Mwanawe, ukufuna chiyani kuno Lolemba?"

"Azakhali, zinyalala izi n'za ndani?"

Mayi wa saluni anatula thumba lake mwakachetechete ngati muli mazira. Ndinawerenga nkhope zimene zinali pabwalopo: nambala thiri, nambala seveni, leveni, twente-thuu, fote. Anthu anga, mzere wanga wokongola uja, onse ali chilili kuseri kwa nyumba imene ndinaphunziriramo kuwerenga.

"Lowa m'nyumba," anatero azakhali. "Usandichititse manyazi pa anthu."

M'khitchini anandiuza zonse, osaphethira n'komwe. Zinayamba mwezi wachitatu wa chaka chachiwiri. Lolemba lililonse masana anthu ankabweretsa theka la zinyalala zawo kwa iwo, kusiya m'mabini zochepa zooneka bwino zoti ine ndidzayeze Lachiwiri. Lachitatu galimoto ya zinyalala inkatenga muluwo, ndipo dalaivala ankamwa tiyi wa mkaka osafunsa mafunso.

"Chifukwa chiyani, azakhali? Chifukwa chiyani?"

"Si unanena wekha? Pa msonkhano wako woyamba uja, ine ndili kumbuyo ndakubweretsera ambulera. Unati ukufuna kuona ngati zinyalala zichepe. Ndiye unati, 'Zikapanda kuchepa, ntchito yanga yatha, ndili m'manja mwanu.' Anthu anaseka. Ine sindinaseke."

Ndinakumbukira. Ndinanenadi, mwanthabwala, pofuna kuti holo ifewe. Wophunzira wa chaka choyamba amadziwa kuti suwauza anthu yankho limene ukulifuna. Ine ndinawauza pa maikolofoni, n'kuwonjezapo kuti likapanda kubwera ndigona ndi njala, azakhali anga akumva.

"Ndinayenda khomo ndi khomo," anapitiriza monyadira. "Ndinati mwana wathu ali pa mayeso, timuthandize. Palibe anakana, ngakhale mmodzi. Anthu amakukonda, iwe. Ukuliranji tsono?"

Ndinkaliradi, ndi mkwiyo. Ndinawauza kuti andiphera ntchito ya chaka chathunthu, kuti manambala onsewo tsopano ndi bodza, kuti sikelo siinama koma iwo aipangitsa kunama. Anamvetsera mikono ili pachifuwa.

"Ndani akudziwa?" anafunsa. "Ife sitiulula. Iwe unayeza zimene unapeza m'bini, sunabe kanthu. Pita Lachisanu ukanene manambala ako, utenge ntchito, ukhale chete. Pukuta m'maso."

Ndinatuluka kuti ndizipita ndisanalankhule mawu oti ndidzanong'oneze nawo bondo. Koma kuti ndifike pageti ndinayenera kudutsa pa matebulo aja a zouma, ndipo maso a munthu wofukula m'mabini samva kuletsa. Panali matebulo atatu. Pa loyamba panali nsapato za ana zondandalikidwa motsata kukula, makatani opindidwa bwino, diresi la buluu lokhala ndi kapepala ka m'sitolo. Pa lachiwiri panali mapoto, makapu, mabotolo otsukidwa. Pa lachitatu bambo wa magetsi anali atamasula kale fani ija, zomangira zili pakamwa. Agogo a nambala fote ankayesa jekete, akudziyang'ana pa galasi la zenera.

"Izi n'chiyani?" ndinafunsa mayi wa saluni, mphuno ikadali yonyowa.

Anayang'ana kukhomo la khitchini kaye, ndiye anayankha motsitsa mawu. "Poyamba tinkangotula matumba n'kumapita, Dokotala. Ndiye tsiku lina thumba la a nambala naini linang'ambika, munatuluka ayironi. Ndinafunsa kuti kodi yafa? Akuti ayi, chingwe chokha, koma agula kale ina. Bambo awa anaikonza pomwepo, ine n'kutenga. Ndimasitira mataulo a ku saluni mpaka lero. Sabata yotsatira aliyense anayamba kusuzumira m'thumba la mnzake. Azakhali anu anati m'malo mong'amba matumba ngati agalu, titulutse matebulo."

"Koma pa misonkhano ndinakuuzani kangati kuti muzipatsana zinthu? Munkangogwedeza mitu!"

"Aa, Dokotala, inunso. Ndipite kwa a nambala naini ndikati ndipatseniko ayironi yanu yakale? Mawa msewu wonse udziwe kuti saluni yagwa? Kupempha n'kochititsa manyazi. Koma chotayidwa chilibe mwini, ukatola sunapemphe munthu. Komanso kuno sitibwera chifukwa chosowa. Timabwera kudzathandiza inu."

Mutu wanga unayamba kuthamanga. Misozi isanaume n'komwe, dzanja linali litalowa kale m'chikwama kufuna kabuku. Miyezi khumi ya misonkhano yanga, ndi zithunzi zanga za nyanja zodzaza mapulasitiki, sizinasunthe ketulo ngakhale imodzi kuchoka nyumba ina kupita ina. Chiwembu cha azakhali chinasuntha mafani, mayunifolomu a sukulu, njinga ya mwana, matiresi. Anthu anapeza chifukwa chaulemu choonetsera anzawo zimene amataya, ndipo manyazi atachoka, katundu anayamba kuyenda yekha. Ndinawerengapo mabuku ambiri a ntchito yathuyi, koma izi ndinali ndisanazionepo paliponse.

"Ayironi ija munaitenga mwezi uti? Bambo, mwakonza zinthu zingati chiyambire? Agogo, jeketelo mukanagula latsopano kukanakhala kuti kuno kulibe?" Mafunso ankatuluka mopanikizana. Ndinajambula matebulo, mulu wa kumpanda, ngakhale wilibala. Azakhali anaima pakhomo akundiyang'ana ngati ndapenga, ndipo mwina sanalakwitse kwenikweni.

Lachiwiri m'mawa ndinamuuza Kadontho. Anatsegula kompyuta n'kudula mzere wathu pa mwezi wachitatu wa chaka chachiwiri. Chotsalacho chinali chathyathyathya ngati tebulo.

"Ndinabwereza katatu," anatero modandaula.

"Masamu ako analibe vuto. Vuto linali pakamwa panga."

Nditawauza Pulofesa, iwo ndiye anatseka chitseko cha ofesi yawo, chinthu chimene sachita kawirikawiri.

"Dokotala, tiyeni tiganize bwino. Zimene munayeza Lachiwiri munayeza moona. Zimene mwaona Lolembazi simunaziyeze, ndi nkhani chabe. Mukhoza kunena manambala anu Lachisanu, ndiye za Lolembazi mudzazilembe chaka chamawa muli pa mpando wokhazikika. Mnzanu wa madzi uja ali ndi mapepala anayi osindikizidwa. Inu chida chanu ndi mzere uja basi."

Sanali munthu woipa, ankandifunira zabwino ngati mmene ankandifunira azakhali. Ndinatuluka, ndipo kunena zoona Lachitatu lonse ndinali ndi mafayilo awiri pa kompyuta, lina la mzere wotsetsereka, lina la matebulo. Ndinkatsegula ili, kutseka, kutsegula linalo. La mzere linali lokonzeka, loyera, la mphindi makumi awiri ndendende. Koma ndikaliyeserera kulankhula, ndinkasiyira panjira. Ndikatsegula la matebulo ndinkapezeka ndaimirira, ndikulankhula ndi khoma, manja ali m'mwamba. Lachinayi ndinabwerera kumisewu kuja kukafunsa anthu khumi ndi awiri, ndipo ndinaiwala kudya.

Lachisanu azakhali anafika ku yunivesite ine ndisanafike, atatchena kuyambira kumutu mpaka kuphazi, mayi wa saluni ndi bambo wa magetsi ali pambali pawo. Alendo saloledwa kulowa m'chipinda cha komiti, ndiye anakhala pa benchi pafupi ndi masitepe. Pamene ndinkadutsa, azakhali anandikoka mkono.

"Manambala okha," ananong'ona. "Wamva?"

Ndinalowa. Ndinaika mzere wotsetsereka pakhoma, ndipo anthu asanu aja anaweramira kutsogolo. Ndinawalola ausirire pang'ono. Kenako ndinati, "Mzere uwu ndi wabodza, ndipo wolakwa ndine. Ndiloleni ndikuonetseni kumene zinyalalazi zinkapita." Ndinaika chithunzi cha wilibala.

Sindinalankhulepo chonchija moyo wanga wonse. Ndinafotokoza nthabwala yanga ya pa maikolofoni, mulu wa kumpanda, ayironi ya nambala naini, mawu a mayi wa saluni akuti chotayidwa chilibe mwini. Mphindi makumi awiri zinakhala makumi anayi. Mayi wina wachikulire wa m'komitimo, pulofesa wa za chikhalidwe cha anthu, anaseka mpaka kupukuta misozi, ndiye anandipanikiza ndi mafunso asanu ndi awiri motsatizana, akulemba mofulumira. Koma wapampando sanaseke.

"Ndiye mukutiuza kuti zaka ziwiri zalowa m'madzi?"

"Chimodzi, bwana. Choyamba chili bwinobwino."

"Ndipo za matebulozi muli ndi manambala ake?"

"Ndilibe. Ndazidziwa Lolemba lapitali."

Anatiitananso patatha maola awiri. Malo okhazikika anapatsa mkulu wa madzi uja. Ine anandipatsa chaka china chimodzi, ndi mawu akuti komiti yayamikira kuona mtima kwanga. Mayi wachikulire uja anandigwira dzanja pakhomo n'kunena kuti ndikamupeze sabata yamawa ndi zithunzi zonse. Zinandipweteka, ndisaname. Zaka zisanu ndi chimodzi zinasanduka zisanu ndi ziwiri, ndipo kalata ya kumapeto kwa chaka inali kundidikirabe.

Azakhali anaimirira atandiona, manja atakonzeka kuwomba.

"Wakhoza?"

"Ndawauza zonse, azakhali. Ntchito apatsa wina."

Manja aja anatsika. Mayi wa saluni anagwira pakamwa, bambo wa magetsi anayang'ana kudenga ngati akufufuza waya. Ndinkayembekezera mkuntho, chifukwa ndimawadziwa. Koma azakhali anangokhala pansi pa benchi, mwakamodzi.

"Ndiye ndine ndakulanda ntchitoyi," anatero.

Ndikanatha kuwanamiza, koma tsiku limenelo bodza linali litandithera. "Ndinu, azakhali. Inu ndi pakamwa pangapa."

Misozi inalengeza m'maso mwawo. Pa moyo wanga ndinawaonapo akulira kamodzi kokha, pa maliro a bambo anga. Ophunzira ankadutsa ndi mabuku awo, osadziwa kanthu. Kenako azakhali anawerama, kumasula lamba wa nsapato yakumanja, kuivula, kuvulanso yakumanzere. Zinali nsapato zakuda zonyezimira, zazitali chidendene, ndipo kumbuyo kwa mapazi awo kunali matuza ofiira. Anaziika pa benchi pakati pa ine ndi iwo.

"Tulutsa kabuku kako," anatero ndi mawu awo olamula a kuchipatala. "Lemba. Nsapato izi ndagula dzulo. Kunyumba ndili ndi mapeyala asanu ndi limodzi, onse abwino. Ndagula kuti anthu a kuno asaone ngati unaleredwa ndi mphawi. Zikundiluma chiyambire m'mawa, ndipo sindidzazivalanso. Walemba? Usachotsepo kanthu. Funsa china."

Zaka ziwiri ndikuyeza zotaya za nyumba makumi anayi, panalibe munthu ndi mmodzi yemwe amene anandiuzapo chifukwa chenicheni chimene anagulira chinthu. Ndinalemba zonse, mumtima muli theka chisoni, theka chisangalalo cha munthu amene waona ntchito yake ikuyamba. Ndinakhala pansi pa sitepe, pafupi ndi mapazi awo otupawo, n'kufunsa funso lachiwiri.